Lona la Mkazi Mnzanga

3 Sepitembala

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko? Mwendo uja ukuti bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti ntchito yandichulukira. Mundiperekere moni kwa mlongo wanga Telala ndi alamu.

Chimene ndalembera kalatayi ndi pikapu ya malemu Bambo. Telala ananditumizira chithunzi chake, ndipo tsiku limenelo chakudya sichinalowe. Amayi, galimoto imeneyo si wamba. Kuno kuli kagulu ka anthu okonda magalimoto akale, timakumana Loweruka. Nditawaonetsa chithunzicho, mkulu wina anavula chipewa. Akuti za mtundu umenewo, za nyale zozungulira ndi bodi yamatabwa kumbuyo, zatsala zochepa kwambiri. Koma inu mwangoisiya pabwalo, dzuwa lake lomwelo, fumbi lake lomwelo.

Nkhawa yanga ili pa matabwa akumbuyowo. Mukukumbukira kuti Bambo anachita kuwapala okha, n'kuwamanga limodzilimodzi ndi mabawuti, ine ndikuwapatsira sipanala mpaka dzinalo linandikanirira. Injini ikafa timagula ina, koma matabwa amenewo akawola ndiye kuti dzanja la Bambo lapita.

Choncho ndasoketsa lona lophimba kumbuyo konseko, kwa katswiri amene ntchito yake ndi yomweyi. Ndi lobiriwira ngati pikapuyo, lili ndi ngowe m'mbali monse ndi mphira woletsa madzi kulowa. Likubwera pa basi. Likafika muliphimbe tsiku lomwelo, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma, mvula ili pafupi. Ntchito ya lonali ndi imodzi yokha, kunyowa m'malo mwa matabwa.

Mundiyankhe msanga, mundiuzenso za kumeneko.

Ndine mwana wanu,
Sipanala


25 Sepitembala

Mwana wanga Sipanala,

Kalata yako ndalandira, katundunso wafika. Mwendo ulipo, sunachoke. Kuno tonse tikudzuka, kupatula mpopi wa kubafa umene wayamba kulira ngati mwana wa mbuzi.

Lona lako ndaliona. Ndinalisisita mpaka ndinachita manyazi. Nsalu yotere ine sindinavalepo, ngakhale tsiku la ukwati wanga. Pikapu ija, mkazi mnzanga uja, ali ndi mwayi kuyambira kale. Bambo ako ali moyo ankadzuka m'mawa n'kuyamba kumupukuta iyeyo, kumufunsa ngati mafuta alimo, ine ndili chiimire pakhomo osandifunsa n'komwe kuti ndagona bwanji. Lero mwana amene ndinabereka ine wamusoketsera diresi. Palibe kanthu, ndinazolowera mitala imeneyi.

Mkulu wako wovula chipewayo umuuze avale, angapse ndi dzuwa. Galimoto imeneyi inanyamulapo simenti, nkhumba za aneba, ndi kwaya yonse ya amayi tsiku limene basi inawasiya. Sinamvepo kuti ndi yolemekezeka.

Za lonalo usade nkhawa ngakhale pang'ono. Ndalisamala bwino lomwe, palibe chimene chingalikhudze. Foni imene unatumiza chaka chatha nayonso ili bwino, ili m'bokosi mwake. Ketulo yamagetsi ili bwino. Nsapato zili bwino, zonse ziwiri.

Kodi ukudya? M'chithunzi chimene unatumiza khosi lako latalika. Nanga ubwera liti? Funso limeneli ndimalemba m'kalata iliyonse, koma zikuoneka kuti a positi amalifufuta panjira.

Ndine mayi ako


25 Sepitembala

Achimwene,

Ndalowetsa kakalata kanga mu envulopu ya Amayi chifukwa pafoni mumalankhula nokha ngati wayilesi. Muli bwanji? Alamu anu akupereka moni.

Musanayambe kuvina, ndikuuzeni kumene kuli lona lanu. Lili pamwamba pa wadilopu. Alikulunga m'shiti, shitiyo aiika m'pulasitiki, ndipo pamwamba pake ayalapo kansalu kuti pulasitikiyo isachite fumbi.

Koma achimwene, inu simunakulire m'nyumba muno? Sofa anagulidwa ine ndisanayambe sukulu, mpaka lero sanaonepo thako la munthu. Alendo akamadzuka masiku otentha amachita kusendeka pa pulasitiki. Limoti ili m'kajumbo. Wayilesi ya kanema ili ndi nsalu yake, nsaluyo ilinso ndi nsalu yake. Ndiye inu n'kutumiza chinthu chatsopano, chonunkhira sitolo, n'kumati Amayi akachiike panja kuti mbalame zizinyerapo? Ndinawawerengera mawu anu akuti ntchito yake ndi kunyowa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

China n'chakuti telala muli naye m'banja, koma munakapereka ntchito kwa katswiri. Sindikudandaula. Ndaliyang'ana msoko uliwonse kufuna pomunenera, ndipo zandiwawa kuti sindinapapeze.

Mlongo wanu,
Telala


9 Okutobala

Mlongo wanga,

Moni sindichulutsa, mutu ukundiwawa. Kalata ya Amayi ndinaiwerenga ndikumwetulira, yako ndinaiwerenga nditagwira khoma.

Pamwamba pa wadilopu pamagwa mvula? Ine ndinayenda ulendo wautali kukafika kwa katswiri uja. Anatulutsa buku lakale la kampani imene inapanga galimotoyo, n'kuyeza ngowe iliyonse malo ake. Anthu a m'kagulu kathu amandifunsa Loweruka lililonse kuti lakhala bwanji, ine ndimangoti lakhala bwino kwambiri. Ndingawauze bwanji kuti lona likugona m'chipinda, pikapu ikugona panja?

Tamvera. Loweruka likudzali utenge alamu, mutsitse lonalo. Muyambe mwasesa matabwawo, osakolopa ndi madzi. Mbali imene ili ndi kachikopa ndiyo yoyang'ana kutsogolo. Ngowe muzikole kuyambira kumutu kupita kumbuyo, wina uku wina uku, kuti likungike bwino madzi asamadikhe pakati. Mukatha undijambulire, ndione ndi maso anga. Amayi akakana uwauze kuti ndi lamulo la katswiri, anthu a mayina otere amawaopa.

Usazengereze, paja pakadafunda padajiwitsa. Za ntchito ya usoki usakwiye, ndidzakupatsa ya makatani.

Mchimwene wako


14 Novembala

Achimwene,

Tili bwino. Makatani anu musunge. Chithunzi ndinakutumizirani, ndipo munayankha ndi kachala kamodzi koloza kumwamba. Tsopano imvani zimene chithunzicho sichinanene.

Tsiku lija Amayi sanakane. Anatsitsa okha lonalo, atasamba m'manja. Tinayamba tatsitsa mipando iwiri ndi katebulo zimene zimakhala kumbuyoko, alamu anu anasesa, tinakola ngowe monga munalamulira. Kunena zoona linakhala bwino, mkazi mnzawo wa Amayi anaoneka ngati mtsikana. Anthu odutsa mumsewu ankaima. Kumanja kwa chithunzicho mukaonetsetsa muona kansonga ka ambulera. Amenewo ndi Amayi, ankalitchingira dzuwa.

Masana onse anakhala akuzungulira galimoto ndi tsache, kuthamangitsa nkhuku. Kenako mbalame ina yopanda mwambo inachita zake pakati penipeni. Amayi anatenthetsa madzi, n'kutsuka pamalopo ndi sopo wawo wakumaso. Mawa lake anandibweretsera makatani akale a pabalaza ndi pulasitiki ya matiresi, akuti ndisoke chophimbira lonalo. Ndinasoka, achimwene, mayi ndi mayi. Choncho matabwa anaphimbidwa ndi lona, lona linaphimbidwa ndi makatani, makatani ndi pulasitiki, ndipo pamwamba anasanjika njerwa zokulunga m'masokosi a Bambo kuti zisakande kanthu. Koma masana aliwonse ankamasula zonsezi, n'kubwezera mipando, madzulo n'kuphimbanso. Akuti lonalo lizipuma.

Lachinayi lapitali kunagwa mvula yoyamba. Ine ndinali pa makina, ndinangoona chinthu chikudutsa pawindo. Amayi amene amatenga chaka kuti achoke pabalaza kufika kukhitchini anathamanga ngati aona wangongole. Anagwetsa njerwa, anamasula ngowe zonse, anakokera lona ndi makatani ake m'nyumba. Analowa ali chonyowa, duku lili pakhosi, n'kundiuza akupuma mwabefu kuti, “Lapulumuka.”

Lonalo analipukuta ndi thaulo, n'kuligoneka pa sofa. Matabwa ndiwo anamwa mvula yonse. Limodzi lakumapeto, pafupi ndi chitseko chakumbuyo, ladera ndipo layamba kutupa.

Ine mbali yanga ndachita. Lankhulani nawo nokha.

Telala


27 Novembala

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine sindili bwino.

Ndamva zonse. Ndakhala ndikulankhula mwaulemu, koma zikuoneka kuti ulemu sukuphimba matabwa. Lona limenelo si mlendo, si mwana wakhanda, silidwala chimfine. Thabwa limodzi layamba kale kuwonongeka, ndipo madzi akatayika sawoleka. Bambo atadzuka lero n'kuona zimenezi angati chiyani?

Chinanso. Ndaonetsetsanso chithunzi choyamba chija. Pali mipando iwiri ndi tebulo, ndipo pa matabwa pali timizere tozungulira ta makapu. Kodi pikapu ya Bambo yasanduka lesitilanti? Ndani amakwera pamenepo? Miyendo ya mipando imakumba thabwa, tiyi amalowa mkati n'kuliwoletsa. Aliyense amene amakhala pamenepo mumuuze kuti akapeze pena pokhala, ndipo timizere tauveto Telala atichotse ndi sandipepa.

Ndaganiza chonchi. Ngati lonalo silikhala pamalo pake usana ndi usiku, mwezi wa mawa ukatha nditumiza galimoto yokoka idzaitenge pikapuyo. Kuno ndapeza galaja yotseka bwino, yopanda nkhuku, yopanda mbalame, yopanda alendo. Kumeneko idzasungika mmene Bambo akanafunira.

Musandione ngati wamwano. Ndikuteteza chinthu chokhacho chimene anatisiyira chopangidwa ndi manja awo.

Mwana wanu


20 Disembala

Amayi,

Muli bwanji? Kalata yanga munalandira? Ndapita ku positi mpaka mayi wa pakauntala wayamba kundipukusira mutu ndisanafike n'komwe. Telala naye foni sakuyankha. Ngati ndi mwendo, mundiuze nditumize mankhwala. Ndatumiza bulangete pa basi, limenelo ndiye mufunde, musalisunge.

Nanga lona lili pati?

Sipanala


11 Januwale

Achimwene,

Foni sindinkayankha dala. Ndinakwiya nanu, ndipo ndikanayankha ndikanalankhula zoti alamu anu n'kusamuka.

Mwafunsa kuti lona lili pati. Lili pa pikapu. Kondwerani, mwapambana. Amayi anawerenga kalata yanu yonena za galimoto yokoka ija. Anaipinda, anatuluka, anatsitsa okha mipando ija, n'kukola ngowe zonse kuyambira kumutu kupita kumbuyo monga mwa lamulo la katswiri. Kuyambira tsiku limenelo sanalikhudzenso. Mvula ikugwa, madzi akutsetsereka bwinobwino, matabwa ali gwa. Galimoto yanu yokoka isavutike.

Tsopano ndikuuzeni za alendo a ku lesitilanti amene munati tiwathamangitse. Ine ndinkayesa mukudziwa, kenako ndinakumbukira kuti maliro a Bambo atatha munanyamuka m'mawa mwake, ndipo ngakhale kale mukabwera munkangogona n'kubwerera.

Maso a Bambo atayamba kuchita chifunga anasiya kuyendetsa, koma galimoto sanaisiye. Masana aliwonse dzuwa likapendeka ankakweza mipando iwiri kumbuyoko, Amayi n'kubwera ndi tiyi. Ankakwera pa kabokosi, wina kukoka mnzake, akunyozana za ukalamba. Akakhala, Bambo ankamenya denga la galimoto ndi chikhatho ngati kondakitala, n'kufunsa kuti, “Mayi, lero tikupita kuti?” Ndipo Amayi tsiku lililonse yankho linali limodzi: “Kwa Sipanala.” Akatero ankamwa tiyi wawo akuonera anthu mumsewu, Bambo n'kumadandaula kuti msewu wa kwanu ndi woipa.

Bambo atapita, Amayi sanasiye. Amakwera okha, mwendo womwewo, ndi makapu awiri. Timizere timene munati ndichotse ndi sandipepa, takumanzere ndi ta kapu ya Bambo. Sindinatichotse, ndipo ngati mukufuna mudzachotse nokha.

Panopa masana amakhala pabalaza, pa sofa wa pulasitiki uja, kuyang'ana lona lanu pawindo. Tiyi akuti wayamba kuwapweteka m'mimba. Mpopi wa kubafa ukulirabe koma sakuunenanso, ndipo inu mukudziwa kuti Amayi akasiya kudandaula ndiye kuti zinthu zavuta.

Bulangete lafika. Lili pa wadilopu pamodzi ndi foni, ketulo ndi nsapato. Ndinawafunsa kuti bwanji osafunda. Anati akufuna mukadzabwera mudzaone kuti sanawononge kanthu kanu. Pamwamba pa wadilopu padzaza, achimwene. Musatumizenso china.

Mlongo wanu


22 Januwale

Mlongo wanga,

Kalata yako ndinaiwerengera kuntchito, ndipo ndinauza anzanga kuti ndi fumbi landilowa m'maso. Mu ofesi mwathu mulibe fumbi.

Ndachita manyazi. Ndimati ndikuteteza za Bambo, osadziwa kuti ndikutsekera Amayi panja.

Wa galimoto yokoka ndamuuza kuti asiye. Tsopano ntchito ija ndinakumana ndakupatsa. Tenga sizasi yako yaikulu. Upite kwa bambo wowotcherera zitsulo wa pakona paja, apange mapaipi anayi otalika kuposa munthu wokhala pampando, amangike m'makona a bodi popanda kuboola thabwa. Lonalo likwere pamwamba likhale denga. Kumene lapelewera uwonjezere, kumene latsala udule, m'mbali usokere zotsitsa mvula ikamawomba. Katswiri uja akadzamva kuti lona lake ladulidwa adzagona m'chipatala, ndipo mkulu wachipewa sadzandipatsanso moni. Asiye, pikapu si yawo.

Amayi uwauze kuti ndapepesa. Ayi, usawauze, ndidzanena ndekha. Ndapempha tchuthi, andipatsa kumapeto kwa mwezi wa mawa. Sinditumiza kanthu pa basi, ndikwera ndine.

Mchimwene wako,
Sipanala


10 Febuluwale

Mwana wanga Sipanala,

Uli bwanji? Ine mwendo ukupweteka, mpopi ukulira, ndipo mlamu wako wathyola kabokosi kanga kokwerera. Munthu wonenepa chonchija amafuna chiyani pa kabokosi ka nkhalamba?

Mlongo wako ndi chigawenga. Anabwera ndi sizasi n'kuyamba kudula lona lako ine ndikuona. Ndinagwira mtima, ndinati mwana uyu andiphetsa kwa mchimwene wake. Iye anangoti ndi lamulo la katswiri. Wowotcherera naye anabwera ndi mapaipi ake, anagwetsa moto pabwalo ponse, nkhuku mpaka lero sizinabwerere m'maganizo mwake.

Koma ndisaname, mkazi mnzanga wakongola. Anayamba ndi diresi, tsopano ali ndi nyumba yakeyake. Dzana kunagwa mvula yamphamvu ine ndili momwemo. Ndinatsitsa zam'mbali, ndinakhala phee, dontho ngakhale limodzi silinagwe pa matabwa a bambo ako. Thabwa lotupa lija laphwa, latsala ndi kachipsera basi, ngati tonsefe.

Pamwamba pa dengalo ndayalapo pulasitiki ya matiresi ija. Usalankhule. Mlamu wako ndiye anakwera, ndipo njerwa zake n'zovala masokosi.

Mlongo wako sasunga chinsinsi, wandiuza kuti ukubwera. Ndatsitsa ketulo yako, ndaiyesa, imawira msanga ngati mwini wake. Bulangete ndayala pabedi pako. Foni ikhale kaye m'bokosi, udzanditsegulire wekha. Za sofa usayembekezere zambiri, pulasitiki ndidzachotsa mbali imodzi yokha, ndipo udzakhale mosamala. Kupepesa kumene akuti ukubwera nako usiye konko, kungakulemere pa basi. Ubwere ndi njala, khosi lija tilikonze.

Kapu yako udzaika pamene ukufuna, thabwa silidandaula. Mpando wachiwiri uli pomwe unali.

Dzulo masana ndinakwera ndi tiyi wanga. Kamphepo kanagwedeza lona, paipi inagunda denga la galimoto, ndipo ndinamva ngati bambo ako ayamba kale funso lawo lija. Ndinawauza kuti, “Lero zimitsani injini, bambo. Sitipita kulikonse, akubwera yekha.”

Ndine mayi ako